PHULUSA: MBIRI YA LIU LA CINGEREZI "ASH" NDI CUMA CA PA MAFUA

 Nkhani yathu ya lero iri ya cinthu cimene mai ali yense amaola m'mamawa nakataya kudzala, ndico phulusa. Tiyamba ndi dzina lace la m'Cingerezi, pakuti dzinalo liri ndi mbiri yaitali. Tidzalitsata kucokera ku England, kupyola m'nyumba za ophunzira ndi m'migodi ya ku Ulaya, kufikira litatibweza kwathu pa mafua ndi m'munda.

Munthu wophunzira Cingerezi akatsegula buku lomasulira mau napeza liu lakuti ash, amaona kuti liri ndi matanthauzo awiri akulu. Loyamba ndi phulusa, lotsala moto ukazima. Laciwiri ndi mtengo wina wa m'nkhalango za ku Ulaya. Ambiri amayesa kuti mtengowo unalandira dzina lace cifukwa ca khungwa lace lotuwa, kapena cifukwa nkhuni zace zimayaka bwino. Koma akatswiri a zinenero atisonyeza kuti awa ndi mau awiri osiyana mafuko, amene anangofanana m'kupita kwa zaka. Ife sitiyenera kudabwa nazo, popeza nafenso timati mtengo ponena comera m'thengo, ndi mtengo ponena ndalama zogulira cinthu, ndipo palibe amasokonezeka pa msika.

MAU AWIRI, MAKOLO AWIRI

Makolo a Angerezi sanali eni dziko la Britain. Anali mitundu itatu, Angles, Saxons ndi Jutes, imene inaoloka nyanja kucokera ku maiko amene lero achedwa Germany ndi Denmark, ca m'ma 450. Anthu amenewa pochula phulusa ankati æsce, ndipo pochula mtengo uja ankati æsc. Zilembo ziwiri sc ankazichula monga sh, kotero kuti mau awiriwo ankasiyana ndi kamau kamodzi kokha ka kumapeto. Patapita zaka mazana angapo Angerezi analeka kuchula timau tambiri ta kumapeto, ndipo mau awiri aja anasanduka amodzi m'kamwa ndi pa pepala pomwe.

Umboni wace uli kwa abale ao amene anatsala tsidya lija la nyanja. Mjeremani pochula phulusa amati Asche, koma mtengo amati Esche. Anthu a ku Holland amati as ndi es. Inu amene munagwirako nchito ku Johannesburg mudzakumbuka kuti m'Cibunu phulusa ndi as, pakuti Cibunu ndi mwana wa cinenero ca ku Holland. Muzu wa liu la phulusali ndi wakale koposa apa. Ophunzira aulondola kufikira ku cinenero ca makedzana cimene cinabala zinenero zambiri za ku Ulaya ndi za ku India, m'mene unkatanthauza kuyaka kapena kuuma ndi kutentha. Kucokera ku muzu womwewo Aroma anali ndi liu lakuti arere, ndiko kuuma, ndipo Angerezi alero ali ndi arid, dziko louma, ndi arson, mlandu wa kutentha nyumba dala.

Zinenero zathu nazonso ziri ndi maina osiyana a cinthu cimodzici. Ife timati phulusa, Abemba amati imito, Atumbuka vyoto, Mashona madota, Azulu umlotha, Aswahili majivu. Pa mgodi pamene mitundu yonseyi imakumana, munthu akhoza kumva maina onsewa pa mbaula imodzi.

MTENGO WA MIKONDO NDI MIPINI

Tsono tinene za mtengo uja. Ophunzira za zomera amaucha Fraxinus excelsior. Umakula kufikira mamita 30 ndi kupitirira, ndipo thabwa lace ndi lolimba koma lopindika, losathyoka msanga likagunda pa cinthu couma. Cifukwa ca ici Angerezi akale ankasema nalo mitengo ya mikondo yao, kufikira liu lakuti æsc linayamba kutanthauzanso mkondo weniweniwo. Linatanthauzanso ngalawa yaing'ono ya nkhondo. Pamene acifwamba a kumpoto ochedwa Vikings anayamba kuthira nkhondo pa magombe a England, kuyambira pa cisumbu ca Lindisfarne m'caka ca 793, limodzi la maina amene Angerezi anawacha linali æscmen, ndiko kunena anthu a ngalawa zotere. Anthu a kumpotowo anaulemekeza mtengowu kwambiri. M'nthano zao dziko lonse lagwiririka ndi mtengo umodzi waukulu wa mtundu umenewu, dzina lace Yggdrasil, ndipo mwamuna woyamba, Ask, anapangidwa ndi cipika cace.

Masiku a mikondo atatha, mtengowu unapeza nchito ya mtendere. Mipini ya nyundo, ya nkhwangwa, ya mapiki ndi ya mafosholo, nkhafi zopalasira ndi mikombero ya ngolo, zambiri zinasemedwa ndi thabwa limeneli. Monga kwathu kuli midzi yochedwa Kacere, Mkuyu kapena Mlambe, ku England nakonso kuli Ashton, Ashford, Ashby ndi Ashley, maina onena za mudzi, dooko kapena dambo la mitengo imeneyi. Mzungu wa dzina lotere sali mwana wa phulusa ai, koma wa mtengo. Nkhani yacisoni ndi yakuti m'caka ca 2012 kunapezeka ku Britain nthenda ya nkhungu youmitsa mitengoyi kuyambira kunsonga, ndipo yapha yosawerengeka.

Pali tanthauzo lina lacitatu lobadwa mwa mtengowu. Asanalandire zilembo za Aroma, makolo a Angerezi anali ndi zilembo zao zozokota pa miyala ndi pa matabwa, zochedwa runes, ndipo cilembo ciri conse cinali ndi dzina la cinthu codziwika. Cimodzi cinachedwa æsc, dzina la mtengo uja. Amishoni atafika ku Kent m'caka ca 597, zilembo za Aroma zinayamba kufala, koma munalibe cilembo ca kamvekedwe kamene kali m'mau akuti cat ndi hat. Alembi anatenga a ndi e zolumikizana, Æ, nazipatsa dzina lakale lija. Anormani atagonjetsa England m'caka ca 1066 malembedwe anasintha, ndipo pofika ca m'ma 1300 cilemboco cinali citatayika m'mau a Cingerezi. Cikali moyo ku Denmark, ku Norway ndi ku Iceland, ndipo dzina lace m'Cingerezi likali ash. 

Mau ena a phulusa muwadziwa kale. Ash Wednesday ndi Lacitatu la Phulusa, tsiku loyamba la nyengo ya Lenti, pamene Akatolika ndi Akristu ena amalembedwa mtanda wa phulusa pamphumi. Phulusalo limacokera ku kanjedza wa caka catha. The Ashes ndi mpikisano wa masewera a cricket pakati pa England ndi Australia. Unayamba kuchedwa motero England itagonja pa bwalo la The Oval mu August 1882, pamene nyuzipepala ya The Sporting Times inalemba cilengezo ca maliro conyogodola, kunena kuti masewerawo afa ndipo phulusa lace lipita ku Australia. Pfumbi lotuluka m'mapiri a moto nalonso Angerezi amalicha ash, ngakhale siliri lotsala la nkhuni koma mwala wopereka. Ndilo linakwirira mzinda wa Pompeii m'caka ca 79.

PHULUSA LA MUMPHIKA

Tafika tsopano pa mtima wa nkhani yathu. Anthu a ku Ulaya anadziwa kuyambira kale kuti ukathira madzi pa phulusa la nkhuni, nusefa madziwo, nuwawiritsa mumphika kufikira ataphwa, pansi pamatsala mcere woyera woluma. Mcere umenewu unali wofunika popanga sopo ndi magalasi, ndi poyeretsa nsaru. Anthu a ku Holland anaucha potasch, Angerezi nati potash, ndiko kunena phulusa la mumphika. Malonda ace anali akulu ndithu. Nkhalango za ku Russia, za ku Poland ndi za ku America zinatenthedwa kuti mafakitale a ku England apeze potashi. Kalata yoyamba yoteteza luso la munthu m'dziko la United States, imene George Washington anasaina pa 31 July 1790, inapatsidwa kwa Samuel Hopkins cifukwa ca njira yatsopano yopangira potashi.

M'caka ca 1807, mu London, Humphry Davy anapititsa mphamvu ya magetsi m'potashi wosungunuka, ndipo munatuluka timibulu tonyezimira ta citsulo cimene munthu anali asanacione ndi kale lonse. Ndi citsulo cofewa cakuti mpeni umacidula, copepuka cakuti cimayandama, ndipo cikakhudza madzi cimayaka moto. Davy anacicha potassium, kutengera dzina la potashi. Ophunzira ena a ku Ulaya anacicha kalium, kucokera ku liu la Ciarabu lonena phulusa la zomera za m'mbali mwa nyanja, limenenso linabala liu lakuti alkali. Ndico cifukwa cace cizindikiro ca citsuloci ndi K. Maina onse awiri, la Cingerezi ndi la Ciarabu, akuloza ku phulusa.

Kutentha nkhalango cifukwa ca potashi kunacepa pamene anthu anapeza mcere womwewo pansi pa nthaka, wotsala wa nyanja zakale zimene zinaphwa. Ku Stassfurt m'dziko la Germany anayamba kuukonza m'caka ca 1861, ndipo lero migodi yaikulu koposa iri ku Saskatchewan m'dziko la Canada. Anzanu a kumeneko amatsika m'cikepe monga inu, koma cimene amakumba cikali ndi dzina la mphika ndi phulusa. Ngakhale m'migodi ya golide phulusa lagwira nchito: oyesa miyala ankaumba timbale ta phulusa la mafupa, timene timamwa mtobvu wosungunuka ndi kusiya kambulu ka golide ndi siliva pamwamba.

CIDULO NDI MPHANJE

Inu a kwa Zingalume, pomva za mphika ndi madzi osefa pa phulusa, kodi simunazindikire kanthu? Cimene Azungu anacicha potashi amai athu amacicha cidulo. Mai amatentha zitsononkho za cimanga, makoko a nyemba kapena a nshawa, kapena makoko a nthoci ouma. Phulusalo amaliika m'phale kapena m'cibekete coboola pansi, atayalamo udzu, nathirapo madzi, ndipo madzi ofiirira amadontha pang'ono pang'ono m'mbale. Kumeneko ndiko kucheza cidulo. Ndico cimafewetsa cigwada ndi khwanya, ndico cimakometsa therere kuti litsike bwino ndi nsima. Kale, mcere wa m'sitolo usanafike, makolo ankapezanso mcere wao potentha maudzu ena a m'madambo ndi kuphika madzi a phulusa lace kufikira ataphwa. Macitidwe ace ndi omwe aja a ku Holland, osasiyana ndi pang'ono pomwe. Soda amene ambiri a m'tauni amagula m'malo mwa cidulo ndi mbale wace: amacokera ku mcere umene Angerezi amaucha soda ash, popeza nawonso poyamba unkatengedwa m'phulusa la zomera.

Phulusa linalinso dzanja lamanja la mlimi. Munthu pofuna munda watsopano ankatema mphanje, naunjika nthambi, nazitentha mvula iri pafupi. Pa phulusapo maungu, mawere ndi cimanga zinkakula mosangalatsa. Nthaka ikatopa patapita zaka zingapo, ankausiya mundawo ukhale tsala, mitengo niphukanso. Abemba ndi Alala anapambana pa ulimi wotere, umene amaucha citemene: amasadza nthambi pa dera lalikulu, naziunjika pa kadera kakang'ono, nafesa mawere m'phulusa. Boma la British South Africa Company linauletsa m'caka ca 1906, koma njala ndi madandaulo a anthu zinalikakamiza kufewetsa lamulolo. Pambuyo pace ophunzira, monga Colin Trapnell woyesa nthaka ndi Audrey Richards amene buku lace la zakudya za Abemba linatuluka mu 1939, anasonyeza kuti alimiwo sanali opusa. Nthaka ya kumpoto ndi yowawasa ndi yosauka, ndipo phulusa ndilo linali mankhwala ace.

Nanga phulusa limacita ciani m'nthaka? Mtengo pa moyo wace wonse umakoka zakudya ndi mizu yace kucokera pansi patali. Ukapsa, zina zimauluka ndi utsi, koma laimu, potashi ndi fosifolasi pang'ono zimatsala m'phulusa. Laimu amacepetsa kuwawasa kwa nthaka; potashi amalimbitsa phesi ndi kukhwimitsa njere. Cimene cimatayika ndi naitrojeni, cakudya cobiriwitsa masamba. Motero phulusa ndi ngongole yotengedwa ku nkhalango, ndipo ulimi wa mphanje umayenda bwino pokhapo dziko liri lalikulu, anthu ali ocepa, ndi tsala liri ndi zaka zokwanira kuti libweze ngongoleyo.

Apa ndipo mbiri ya kum'mawa inapotoka. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa m'caka ca 1898, dziko lalikulu lozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, linakhala m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration. M'zaka za m'ma 1920 boma linapatula madera a anthu akuda, ndipo Acewa, Angoni ndi Ansenga ambiri anaunjikidwa m'menemo pamene minda yabwino inasungidwira Azungu. Anthu atapanikizana, tsala linasowa nthawi yopumula, mitengo inatha, mvula niyamba kukokolola nthaka. Njala ndi msonkho zinatuma anyamata ku Southern Rhodesia, ku Johannesburg ndi ku migodi ya mkuwa. Bvutolo litakula, boma linagula dziko la kampaniyo mu 1941 ndi kuyamba kusamutsirako midzi. Ambiri a inu amene munabadwira ku Kitwe, ku Luanshya kapena ku Mufulira, agogo anu anacoka kwao m'masiku amenewo.

K WA PA THUMBA

Tsono mukapita kwanu pa chuti, kapena mukatumiza ndalama za fetereza, tayang'anani pa thumba la Compound D. Mudzaona zilembo zitatu, N, P ndi K, ndi manambala 10, 20, 10. K ameneyo ndiye kalium uja, ndiye potassium wa Davy, ndiye potashi, ndiye mphamvu ya m'cidulo ca agogo anu. Wayenda ulendo wa pa nyanja ndi wa pa njanji, walipiridwa ndi ndalama zakunja, kuti akafike m'munda wa kwa Zingalume, pamene mbale wace akutayidwa kudzala m'mawa uli wonse.

Sitikunena kuti phulusa lingalowe m'malo mwa fetereza. Potashi wa m'phulusa la nkhuni ndi wocepa, kawirikawiri wosafika magawo 10 pa 100, ndipo naitrojeni mulibe. Sitikunenanso kuti anthu abwerere ku mphanje, kapena kuti atenthe mapesi ndi chire kuti apeze phulusa. Moto umapita kumene kwatsala chire, ndipo mitengo yathu yatha kale ndi makala opita m'matauni, amene ife tomwe timagula. Mapesi apindula koposa akaolera m'munda. Cimene tikunena ndi phulusa limene liripo kale, la pa mafua, la m'mbaula, la pa uvuni wa njerwa ndi la m'cigafa ca fodya.

Phulusa lotere lisungidwe pouma, pakuti mvula ikaligwera imacheza cidulo cace nicipita naco, monga momwe mai amacitira m'phale. Limwazidwe mopyapyala m'dimba kapena pa mulu wa manyowa, osati kuliunjika pa tsinde la mbeu. Lisasakanizidwe ndi fetereza wa yureya, cifukwa limathamangitsa naitrojeni wace kupita mumpweya. Phulusa la malasha a pansi, monga a ku Maamba ndi a ku Hwange, ndi la mtundu wina: lisalowe m'munda kapena mumphika, ndipo cimodzimodzi la mapulasitiki ndi la matabwa opakidwa utoto. Phulusa losefa bwino losakaniza ndi nyemba kapena khobwe m'nkhokwe limabvutitsa anankafumbwe. Lothira m'cimbudzi limacepetsa fungo ndi nchenche. Pamene mbozi zacilendo zodya cimanga zinalowa m'Zambia kumapeto kwa 2016, alimi ambiri osowa mankhwala anathira phulusa ndi mcenga m'mitima ya cimanga cao, monga makolo ankacitira ndi kapuci. Ndipo amai akumbuke kuti cidulo kapena soda zikaculuka mu ndiwo zimaononga ena a mavitamini. Kadontho kokwanira kufewetsa ndiko kabwino.

Acewa ndi anthu a moto. Ambiri amamasulira dzina la makolo athu, Amaravi, kuti malawi a moto, ndipo nthano ya ku Kaphirintiwa imasimba kuti dziko linasinthika tsiku limene munthu anapeka moto. Caka ndi caka mu August, Mfumu Zingalume ndi mafumu anzace a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amapita ku Mkaika m'boma la Katete kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi ndi kukanena za moyo wa anthu ao ndi za zokolola. Zokololazo zimadalira nthaka, ndipo nthaka imadalira cimene tibwezeramo.

Angerezi anasunga mbiri ya phulusa m'mau ao: ash, potash, potassium. Ife tinaisunga m'manja mwa amai ndi m'minda ya makolo. Mwana wa sukulu wa ku Chadiza akamaphunzira za K pa bolodi, wina amuuze kuti agogo ace anamudziwa K ameneyo asanaone buku, ndi kuti akafuna kumuona ndi maso apite kukhichini akapemphe kuceza ndi ocheza cidulo. Mau a akulu akoma akagonera.